Kamtanda Pamutu pa Munthu Wamoyo

Malemu amene tasonkhanira panowa, mayi Lufina Chapendeka, amene ambirife tinkangowati aNagama, anabadwa pa 14 Ogasiti 1953 m'mudzi muno mwa Kamzingeni, kuno ku Manjawira, m'boma la Ntcheu. Bambo awo anali a Kingston Gama, mayi awo anali aNangozo. M'banjamo munabadwa ana asanu, koma awiri anapita adakali kumsana. Amene anakula ndi atatu: alongo awo a Goliati, amene anali oyamba, kenako malemuwa, kenako a Cathy, mayi anga ondibereka ine Raymond amene banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Mafumu, abusa, akulu a mpingo, madoda ndi ntchembere nonse, mundikhululukire ngati pena mawu angandithawe, pakuti amene agona apawa ndi amene anandilera mayi anga atamwalira.

A Kingston anali dalaivala wa lole ya mwenye wina wa sitolo ku Balaka. Inali Bedifodi yamphuno yaitali, yoliza ndi chitsulo chopukusa kutsogolo, imene pachitunda munthu ankachita kuitsatira pambuyo atanyamula mwala. Ankanyamula mtedza, chimanga ndi thonje kupititsa kusiteshoni ya sitima. Mwezi ukatha anzawo ankalowera kumowa, koma iwo ankalowera kwa wojambula zithunzi, ndipo akamva kuti mzungu kapena mwenye akusamuka ankapita kukapempha zithunzi zimene eni ake akufuna kutaya. N'chifukwa chake m'nyumba ya udzu imene malemu anakuliramo munali zinthu zosaoneka kwina. Munali Landirova ya boma itatitimira m'matope pa Rivirivi, amuna atavula malaya akuikankha. Munali basi yodzaza njinga, nkhuku ndi mitolo padenga, kandege katatera padambo anthu ataunjikana chapatali akuopa kukayandikira, amayi ovala nsalu za biriwita ali pamtondo, ndi msika wa Manjawira uno udakali mikeka yoyala pansi pa mtengo.

A Kingston anali ndi mwambo wawo pa zithunzizo, ndipo ndikupempha kuti muusunge m'mutu, chifukwa moyo wonse wa malemu wazungulira pamenepa. Munthu amene ali pachithunzi akamwalira, ankatenga cholembera cha inki n'kulemba kamtanda kakang'ono pamwamba pa mutu wake. Ankati amatero kuti ana obadwa m'tsogolo asamadzafunse kuti awa ali kuti n'kumatosa mabala a anthu, komanso kuti wopitayo apume, asamangoima pakati pa amoyo ngati akudikira kanthu.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1961. Sukulu inali kutsidya kwa mtsinje, ndipo nthawi ya dzinja a Goliati ankawanyamula paphewa kuwaolotsa, n'kubwerera kukadyetsa ng'ombe, masana n'kukawadikiranso pagombe. A Goliati eni ake sanaponde m'kalasi. Ankati mutu wa banja lonse Mulungu anaulongedza mwa Lufina, ndiye iwo ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti mutuwo usanyowe. M'chaka cha 1969 malemu anasankhidwa kupita kusekondale, mtsikana woyamba m'mudzi muno. Koma pofika 1971 maso a bambo awo anayamba kuchita mdima, ntchito ya lole inali kutha, ndipo pakhomo panayamba kumveka zoti mtsikana wakula, akwatiwe. A Goliati, amene anali atangokwatira kumene, anakana kwamtuwagalu. Anakalembetsa ulendo wa kumigodi ku Joni kuti mlongo wawo asaleke sukulu.

Tsiku lonyamuka, pa 3 Meyi 1971, a Kingston anaitanitsa wojambula kuchokera ku Balaka, n'kuimika Bedifodi ija pamsewu apo, pamene pano pali chigayo. Chithunzi chimene chinajambulidwa tsikulo ndi chimene mukuchiona chatsamira bokosi chija. Amene muli kutali simungachione bwino, ndiye ndikuuzeni. Kumanzere kuli a Kingston atagwira chitseko cha lole ngati ndi yawo. Pambali pawo pali aNangozo atakwinya nkhope chifukwa cha dzuwa, kenako a Cathy opanda nsapato, kenako akazi awo a Goliati. A Goliati ali pakati, jekete yobwereka manja ake ali lende, phazi limodzi pabampala. Malemu ali pafupi nawo atavala yunifolomu ya sukulu, ndipo ndi okhawo amene akuseka, chifukwa alongo awo anali atawatsina kuti asalire.

A Kingston anamwalira mu Novembala 1972. Pobwera kumanda, aNangozo anatenga cholembera cha amuna awo n'kupatsa malemuwa, pakuti ndiwo anali odziwa kulemba pakhomopo. Kamtanda koyamba pachithunzicho ndi ka tsiku limenelo, ndipo kuyambira pamenepo zithunzi zonse za bambo awo zinali m'manja mwawo. Chaka chomwecho anali atayamba maphunziro a zauphunzitsi ku Blantyre.

Kumayambiriro kwa 1974 kunabwera a Maynard, mnzawo wa a Goliati, kuchokera ku Joni. Anabweretsa bulangete la aNangozo, nsapato za malemu, ndi chithunzi cha a Goliati ataima pansi pa phiko la ndege yaikulu, chipewa chili pambali. Uthenga unali woti ndege ngati imeneyi ndi imene iwabweretse sabata yoyamba ya Epulo. ANangozo anazira nyumba, anafulula thobwa, anamanga tambala mwendo. Akuluakulu muli pano mukukumbuka zimene wailesi inalengeza pa 4 Epulo chaka chimenecho, kuti ndege yonyamula anthu a kwathu kuno ochokera kumigodi yagwa n'kupsa itangonyamuka ku Francistown. Patapita masabata kunafika munthu wina wa ku Nsipe amene anati anawaona a Goliati ndi maso ake dzulo lake la ngoziyo, ali pamzere wa okwera ndege imeneyo. Thupi silinabwere. Uthenga wina uliwonse sunabwerenso.

Anthu atakolola, madoda anakhala pansi n'kugamula kuti maliro alire. Anakumba manda, anakulunga thunthu la nthochi mumkeka pamodzi ndi malaya a a Goliati, n'kuika. Ngoma inavinidwa, anthu anameta. Chaka chotsatira akazi awo anasudzulidwa n'kukakwatiwa kwina, ndipo palibe amene anawanena, chifukwa anali mwana. Mudzi wonse unavomera. Amene sanavomere anali malemuwa. Ankati manda a nthochi ndi a madoda, koma cholembera ndi chawo, ndipo salemba kamtanda pa munthu amene nkhope yake sanaione.

M'chaka cha 1975 anayamba ntchito yauphunzitsi ku Kasinje. Pobwera kutchuthi cha Khirisimasi anapeza mayi awo atatha, makutu okha ali petupetu. Chithunzi chija chinali pakhoma, ndipo m'mawa uliwonse aNangozo ankachiyang'ana n'kuona kuti amuna awo ali ndi kamtanda koma mwana wawo alibe. Ndiye basi iliyonse ikaima pamsewu ankaponya khasu n'kuthamangira kumeneko. Ndiwo akapakula ankasiyako zina m'kambale. Tulo sankaona. Tsiku lina anatsitsa okha chithunzicho pakhoma, anachiika pamiyendo pa mwana wawo pamodzi ndi cholembera, n'kumuuza kuti alembe kuti iwo agoneko, chifukwa mtima wawo watopa ndi kuima pamsewu. Malemu anakana tchuthi chonse. Tsiku lobwerera ku Kasinje, chikwama chili kale pakhomo, anayang'ana mayi awo mmene analili, anakhala pansi n'kulemba. Ankanena pambuyo pake kuti m'basi analira kuchokera pa Manjawira mpaka kukatsika. Koma aNangozo anayamba kudya ndi kugona, thupi linabwerera, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1979, atanyamulako zidzukulu.

Pa 21 Ogasiti 1976 malemu anamanga banja ndi a Aleck Chapendeka a ku Kasinje, mlangizi wa zaulimi, munthu wofatsa amene sitinamvepo akukweza mawu ngakhale kwa mbuzi. Galimoto ya ukwati inali Zefa yobwereka kwa kalaliki wina wa kuboma, ndipo inafera panjira mtunda ulipo ndithu kuti afike kutchalitchi. Chithunzi chake chilipo, mkwati ali kumbuyo ndi suti yake akukankha, mkwatibwi ali mkati watulutsa mutu pawindo akulamula. Ana awo amati banjalo linayenda choncho mpaka kumapeto, ndipo a Aleck sanadandaulepo. Mulungu anawapatsa ana anayi: Chrispine, Mirriam, Sellina ndi Nathan. M'chaka cha 1981 anasamutsidwira kusukulu ya kuno kwawo, n'kumanga nyumba ya malata imene tatulukamoyi.

Mu Seputembala 1983, tsiku la msika, pabasi panatsika munthu wowonda, wachipewa, wonyamula sutikesi imodzi. Amayi ogulitsa mbatata atamuyang'anitsitsa anasiya malonda awo n'kuliyatsa liwiro. Anali a Goliati. Nkhani yake inali yoti m'mawa wa tsiku la ulendo lija anadzuka ndi malungo aakulu, anawatengera kuchipatala, ndipo malo awo anakwera munthu wina. Atamva kuti anzawo onse apsa anachita mantha, analumbira kuti ndege sadzakweranso, n'kulowera ku Rhodesia kuti abwere chapansi. Kumeneko nkhondo inawatsekera pafamu ina, chaka chinagwira chinzake, ndipo manyazi obwera chimanjamanja anawonjezera zaka zina. Kulemba sankadziwa. Kutuma munthu akanatha, ndipo zimenezo ngakhale iwo eni sakana.

Madoda anachita zoyenera kuchita munthu akabwera atalira kale maliro ake. Anafafaniza manda aja, anawasambitsa, abusa anapemphera, ng'ombe inagwa. A Goliati zonsezi anazilandira ndi nthabwala. Anakaima pamanda awo n'kudandaula kuti anawakumbira mofupika. Za akazi awo anati anachita bwino, munthu sangakwatiwe ndi nthochi. Pamanda a mayi awo ndi pamene analira ngati mwana, ndipo amayi ena, pofuna kuwatonthoza, anawauza mmene aNangozo ankathamangira kumsewu basi ikaima. Madzulo ake analowa m'nyumba ya mlongo wawo, chakudya chili patebulo, n'kukweza maso pakhoma. Anaona kamtanda pamutu pawo pachithunzi chija. Kenako anafunsa kuti dzanja limene linalemba pamutu pawo ndi la yani. Malemu anayankha kuti ndi lawo.

A Goliati sanasambe m'manja. Anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Kwa anthu amene anawatsatira anati madoda anaika nthochi, zimenezo si kanthu, koma mwana amene iwo ankamuolotsa paphewa, amene anamulowera pansi pa nthaka ku Joni kuti adziwe kugwira cholembera, watenga cholembera chomwecho n'kuwapha nacho. Anatsikira ku Bwanje, anapempha malo, anayamba kulima mpunga, anakwatira. Malemu akatumiza uthenga, yankho linkabwera loti wakufa sayenda kukacheza.

Anamfedwa anzanga, ambiri a inu nkhaniyi mukuidziwa mpaka pamenepa, kupatula za tchuthi cha Khirisimasi zija, ndipo ena mwakhala mukuinong'ona zaka makumi anayi. Pamaliro a pabanja a Goliati ankabwera, kukhala kwa amuna, n'kunyamuka chakudya chisanafike. Ife ana ankatilandira bwino kwawo, kutiphera nkhuku, kutinyamulitsa mpunga, koma tikangotchula dzina la mlongo wawo ankadzuka kukaona madzi kumunda. Malemu anapitako okha kangapo, m'kutentha kwa ku Bwanje kuja, n'kukhala pakhonde tsiku lonse akucheza ndi alamu awo, mwini nyumba ali zii m'mpunga mpaka iwo atanyamuka. Akabwera ankangovula nsapato, kumwa madzi, n'kuyamba kuchonga makope a ana. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo ife okhala nawo m'nyumba tinkaona.

Tinkawafunsa kuti bwanji osangochotsa chithunzicho pakhoma. Ankati muli bambo awo ndi mayi awo, ndipo sangawatsekere m'sutikesi chifukwa cha kulakwa kwa dzanja lawo. Chimene ankachita ndi kuyesa kufufuta. Anayamba ndi labala, kenako kansalu konyowa, kenako nsonga ya lezala, pang'onopang'ono, Loweruka akamaliza kuchapa. Inki ya kale ija inali italowerera, ndipo iwo anapalabe mpaka pepala linabooka. Pamwamba pa mutu wa a Goliati lero pali kabowo koti n'kulowa njere ya mpunga. Zaka zapitazi a Sellina anachitengera ku Lilongwe kwa odziwa makompyuta, amene anatulutsa china chosalala bwino, chopanda kamtanda ngakhale bowo, kuti chitumizidwe ku Bwanje. Malemu anachiyang'ana, anayamikira luso lake, n'kuchibweza. Anati chimenecho chikunena kuti iwo sanalembe, pamene analemba.

Kuchokera chaka cha 1983 anadziikira lamulo. Sankalembanso kamtanda pa munthu aliyense asanaone nkhope yake m'bokosi ndi maso awo. Tsono pofika nthawiyo zithunzi zinali zitachuluka, chifukwa anthu a midzi yozungulira, poopa chiswe ndi kudontha kwa nyumba, ankabweretsa zawo kuti aziwasungira m'sutikesi yachitsulo. Ndiye munthu aliyense wa m'zithunzizo akamwalira, kaya ku Mwanza, kaya ku Salima, aNagama ankamanga chitenje n'kukwera basi. Ena ankayesa kuti amangokonda maliro. Madoda a pamsika apa ankati ukamwalira aNagama osabwera ndiye kuti sunafe bwinobwino, ndipo akawaona akudutsa ankadziguguda pachifuwa kuti awaonetsetse kuti adakalipo. Iwo ankaseka n'kuwauza kuti inki ilipo yokwanira, asachite changu.

Anaphunzitsa Sitandade 2 pafupifupi moyo wawo wonse, ndipo anakana kukwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu. Ambiri muli pano ndege munayamba kuiona m'manja mwawo, pachithunzi cha a Goliati ali pansi pa phiko chija, chimene ankachiyendetsa mzere ndi mzere n'kumauza ana kuti awa ndi alongo anga, ali ku Bwanje, ali moyo. Ana sankamvetsa chifukwa chake mawu otsirizawo ankawanena kawiri. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankayala mkeka pansi pa mtengo wa mango n'kutsegula sutikesi, ndipo ankadziwa dzina la aliyense, ngakhale la munthu amene akungooneka phewa kumbuyo kwa ngolo. Alipo anthu pano amene nkhope ya agogo awo, ngakhale ya mayi awo, anaionera pamkeka umenewo. Anali mayi wa Mvano kuyambira 1978, ndipo anapuma ntchito yauphunzitsi m'chaka cha 2011.

Cholembera chija sichinawachitire chifundo. Analemba pa mayi awo, analemba pa mng'ono wawo a Cathy mu 1994, analemba pa amene anali akazi a a Goliati. M'chaka cha 2003 analemba pa mwana wawo Nathan, ndipo m'chaka cha 2014 analemba pa a Aleck, pachithunzi chokankha Zefa chija. Pachithunzi cha Bedifodi panatsala mutu umodzi wokha woyera, wa mtsikana woseka uja.

Anayamba kudwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'chaka cha 2019, koma ankayendabe. Pa 17 Malichi chaka chino anagwa ali kudimba, ndipo dzanja lamanja ndi mwendo zinafa. Anagonekedwa pachipatala cha boma ku Ntcheu, anatuluka, n'kubwereranso kumapeto kwa Meyi. M'masiku amenewo ndi pamene anauza a Mirriam, amene ankawadwazika, za tchuthi cha Khirisimasi cha 1975 zimene ndawerenga zija. Palibe mmodzi wa ife amene ankazidziwa. A Mirriam anafunsa kuti bwanji zaka zonsezi sanawauze amalume kuti anachita kuumirizidwa ndi agogo. Malemu anayankha kuti a Goliati anabwera n'kupeza mkazi palibe, munda palibe, dzina lili kumanda, ndipo chimene chinawatsalira ndi chimodzi chokha, choti mayi awo anawadikira mpaka imfa. A Goliatiwo ankachinena paliponse, kumowa ndi kutchalitchi komwe, kuti mayi anga okha ndiwo sananditaye. Malemu anati sakanatha kuwalanda chimenecho kuti iwo ayere, ndipo kunali bwino adane ndi mlongo wamoyo kusiyana ndi mayi amene sangathenso kudziyankhira.

Uthenga woti matenda akula unapita ku Bwanje sabata yoyamba ya Juni. A Goliati anati amva, koma mpunga uli pakati podula. A Chrispine anapitanso okha Loweruka, anawapeza pamunda, koma a Goliati anangopitiriza kudula mpunga. Lolemba pa 9 Juni a Goliati anadzuka m'mawa, anapuntha mpunga watsopano, anamanga thumba, n'kukwera galimoto yopita kuboma osauza munthu. Anafika pachipatala nthawi yoona odwala ya masana, thumba lili paphewa, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Anapeza bedi litayalulidwa. Malemu anali atatisiya m'mawa womwewo dzuwa litangotuluka, ali ndi zaka 71. A Goliati anakhala pansi pakhonde la wodi atakumbatira thumba lawo, ndipo anamwino anachita kuwadzutsa. Mpunga umene amayi akuphika kuseri ukowo ndi umenewo.

Dzulo masana, pasiwa pano, a Mirriam anawatengera a Goliati m'nyumba n'kuwauza zonse. Anawatsitsira chithunzi pakhoma, chimene anali asanachionenso chiyambire tsiku lija. A Goliati anachichotsa m'galasi, anachikweza chakuwindo chifukwa maso awo ndi ofooka, ndipo kuwala kunadutsa pakabowo kaja. Anafunsa kuti chachita zimenezi ndi chiswe kodi. Atauzidwa kuti ndi lezala ya mlongo wawo, ya Loweruka ndi Loweruka, anayamba kulira kulira kumene ena munakumva muli panja. Ndi iwo amene alamula kuti nkhani yonseyi ilowe mu mbiri ndipo iwerengedwe pamaso pa anthu. Ife tinkafuna kuidumpha. Iwo anati ndi iwo amene anachititsa mlongo wawo manyazi poyera, pamsika ndi pamaliro, ndiye ayeretsedwenso poyera, ndipo za mayi awo akumvetsa, pakuti ndi iwo eni amene anawaimika mayiwo pamsewu ndi kukhala chete kwawo.

Titatero tinawapatsa cholembera cha a Kingston, chifukwa mwa onse a pachithunzicho atsala ndi iwo okha, ndipo nkhope ya malemu aiona. Anachigwira, anachifikitsa pamwamba pa mutu wa mtsikana uja. Kenako anachiika patebulo n'kunena kuti sangathe. Anati iwo akulephera pamene bokosi lili pomwepo, nanga mwana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri analimba bwanji mtima kuti mayi ake agone. Banja lagwirizana kuti mutu umenewo ukhale choncho, ndipo cholemberacho chipita nawo malemu m'bokosi.

Malemu anasiya pempho limodzi lokha pa za mwambo uno. Za nyimbo, za bokosi, za maluwa, anati tione tokha. Koma anati pofika powerenga amene atsala, tisayambe ndi ana monga timachitira. Tiyambe ndi dzina limene mudzi uno unalilira mu 1974, ndipo wowerenga akweze mawu kuti ndi a kumsewu omwe amve. Ndiye ndikuchita monga anandituma.

Mayi Lufina Chapendeka, aNagama, asiya mlongo wawo mmodzi, a Goliati Gama a ku Bwanje, amene akhala kumutu kwa bokosi apowa. Ali moyo. Ali moyo.

Asiyanso ana atatu, a Chrispine, a Mirriam ndi a Sellina, pamodzi ndi ine amene anandilera ngati wobala okha. Asiya zidzukulu khumi ndi chimodzi, zidzukulutudzi zitatu, ndi ana a sukulu amene sitingathe kuwawerenga. Sutikesi ya zithunzi ikhala m'nyumba momwemo m'manja mwa a Mirriam, ndipo aliyense amene anasungitsa chake, kapena akufuna kuona nkhope ya wake, khomo ndi lotsegula monga kale.

M'malo mwa banja la a Gama ndi la a Chapendeka, ndikuthokoza mafumu potipatsa malo ogoneka mayi athu, abusa ndi akulu a mpingo, amayi a Mvano amene akhala nafe kuyambira kuchipatala osatopa, madokotala ndi anamwino a pachipatala cha Ntcheu amene anayesetsa mbali yawo, aphunzitsi anzawo, adzukulu amene alimbana ndi nthaka youma ya mwezi uno, amayi a kumoto, anzathu a ku Kasinje ndi a ku Bwanje amene mwabwera pa njinga ndi wapansi, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu. Zimene mwatichitira sitingathe kubweza, Mulungu yekha akubwezereni.

Amayi, munayenda maliro a anthu onse kuti muone nkhope musanalembe. Lero anthu abwera kudzaona yanu, ndipo amene munkamudikira uja wafika, wakhala pafupi, sananyamuke chakudya chisanafike. Pitani bwino, aNagama. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.